Tsamba la Wikipedia timaliyambira kumunsi

Aphunzitsi ambiri a ku sekondale amene ndimacheza nawo ali ndi lamulo limodzi akapereka ntchito yokafufuza: "Ndisaone za pa Wikipedia m'kope mwako." Ana amavomera mwaulemu, koma akaweruka amabwera ku laibulale kwathu n'kutsegula Wikipedia yomweyo. Chokhacho chimene amasamala n'chakuti dzina lake lisaoneke pansi pa asayimenti. Ndiye lamuloli silinaletse kanthu. Langophunzitsa ana kubisa kumene atenga mfundo zawo, chonsecho kufufuza kwenikweni n'kutha kunena kuti izi ndazitenga apa, izi ndazitenga apo, wokayika apite akaone yekha.

Ndinaphunzitsa History pa sekondale ina yoyendera kuno ku Dedza, ndipo chipumireni pa ntchito ndimathandiza pa kalaibulale ka m'dera lathu. Ndi chipinda chimodzi chachitali, mabenchi, mashelefu a matabwa a paini, ndi makompyuta atatu okalamba amene anatipatsa anthu akufuna kwabwino. M'mawa mumakhala zii, kupatula abambo awiri atatu owerenga nyuzipepala ya dzana. Ikangokwana 2 koloko ana a Fomu 1 mpaka Fomu 4 amakhamukira muno, nsapato zili fumbi lokhalokha, kulimbirana mpando wa pa kompyuta. Aliyense timamupatsa theka la ola. Amene wabwereka foni kwa achimwene ake amakakhala pakona ya kuzenera, pomwe netiweki imagwirako bwino.

Pa shelefu ya pamwamba pali mabuku aakuluakulu a insaikulopediya, zikuto zofiirira, zilembo zagolide kumsana, osindikizidwa m'zaka za m'ma 1980. Makolo akabwera kudzaona malowa maso awo amathamangira pomwepo, ndipo amagwedeza mutu kuti eya, apa ndiye pali maphunziro. Koma m'mabuku amenewo dziko la Zaire likadalipo, Soviet Union sinagawikane, Germany ndi mayiko awiri, ndipo Pluto ndi pulaneti yachisanu ndi chinayi. Malawi wa m'menemo ali ndi chipani chimodzi, maboma 24 ndi anthu osakwana 8 miliyoni. Lero maboma ndi 28, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni. Sinditaya mabuku amenewa. Zithunzi zake za mtima wa munthu ndi za mkati mwa tsamba la chomera n'zabwino kuposa za m'mabuku ambiri a m'kalasi, ndiponso magetsi akazima iwo sazima. Koma mwana wofuna chiwerengero cha anthu kapena mapu a Afirika sindingamulozere kumeneko.

Eni ake a Encyclopaedia Britannica, yomwe inayamba kutuluka ku Edinburgh mu 1768, analengeza mu Malichi 2012 kuti asiya kusindikiza pa pepala. Mabuku 32 a mu 2010 ndiwo anali otsiriza. Masiku ano Britannica ili pa intaneti ndipo nkhani zake zambiri munthu amawerenga osalipira. Ndimaikonda chifukwa pamwamba pa nkhani amalembapo amene anailemba kapena akonzi amene anaiunika, ndi tsiku limene anaikonza komaliza. Ilinso ndi mbali yokonzera ana a sukulu, monganso World Book, koma zimenezo n'zolembetsa ndi madola chaka ndi chaka, ndipo laibulale yosonkherana ndalama ya babu singazilote n'komwe. Yotsala ndi Wikipedia. Anaiyambitsa Jimmy Wales ndi Larry Sanger pa 15 Januwale 2001, tsiku limene ife kuno timakhala pa tchuthi chokumbukira Chilembwe. Ya Chingerezi ili ndi nkhani zoposa 6 miliyoni, ndi yaulere, ilibe zotsatsa malonda, ndipo imatseguka ngakhale netiweki ikamatsimphina. Mwana akalemba funso pa Google, nthawi zambiri imene imabwera pamwamba ndi iyoyo. Kuiletsa ndi pakamwa chabe sikungaphule kanthu.

Vuto lili pa kawerengedwe. Mwana amatsegula tsamba, n'kukopera ndime yoyamba yonse, n'kutseka. Theka la ola amalithera pa kukopera, osati pa kuwerenga.

Mtsikana wina wa Fomu 3 anabwera ndi funso la aphunzitsi ake a History: afotokoze zifukwa zimene John Chilembwe anaukira boma la atsamunda mu 1915. Patapita kanthawi anadzaima pa tebulo langa.

"Madamu, ndamaliza. Mundibwerekeko rula ndidule mzere."

Ndinayang'ana m'kope. Zolemba zooneka bwino, zilembo zoima njo. Anakopera zonse mokhulupirika, mpaka timanambala ting'onoting'ono timene timakhala pamwamba kumapeto kwa ziganizo.

"Nanga kanambala aka n'kachiyani?"

"Kanali pomwepo, Madamu."

"Tiye ukakadine."

Tinabwerera pa kompyuta, mnyamata amene anali atalanda kale mpandowo n'kusuntha monyinyirika. Atadina, tsamba linalumphira kumunsi kwenikweni, kumene iye anali asanafikeko chiyambire. Kumeneko kuli mndandanda wa mabuku: dzina la wolemba, chaka, nambala ya tsamba. Mayina a George Shepperson ndi Thomas Price, amene anatulutsa buku lalikulu la mbiri ya Chilembwe mu 1958, amabwera mobwerezabwereza. Ndinamuuza kuti amene analemba tsambali sanamuone Chilembwe, ndipo mwina ku Chiradzulu sanapondeko. Anawerenga mabuku awa n'kufupikitsa. Kanambalako ndi njira yawo yonenera kuti usandikhulupirire ine, pita ukaone apa.

Kenaka tinakwera pang'onopang'ono, mutu ndi mutu, ndipo zifukwa zimene ankafunazo zinali pakati pa nkhani, osati m'ndime imene anakopera. Thangata pa minda ya A. L. Bruce ku Magomero. Nkhanza za kapitawo wamkulu wa mindayo, William Jervis Livingstone, amene ankatentha matchalitchi a Providence Industrial Mission, mpingo wa Chilembwe, omangidwa pamalopo. Msonkho wa nyumba. Njala ya mu 1912 ndi 1913. Alomwe othawa ku Mozambique amene analibe pothawiranso. Anthu akuda ofera nkhondo ya azungu ku Karonga mu Seputembala 1914, zimene zinamulembetsa Chilembwe kalata yodandaula ku nyuzipepala ya Nyasaland Times. Kuukirako kunayamba usiku wa pa 23 Januwale 1915, azungu atatu anaphedwa, gulu lina linapita kukathyola nyumba yosungira mfuti ku Mandala, ndipo Chilembwe anawomberedwa pa 3 Febuluwale. Mawu aliwonse obiriwira amene sanawamve, ankadina n'kuona tanthauzo, n'kubwerera. Ichi ndi chinthu chimene buku la pa pepala silingachite, ndipo kwa mwana wa Chingerezi chotsimphina n'chachikulu ndithu.

Buku la Shepperson ndi Price ife tilibe. Tili ndi buku la m'kalasi ndi lina la malemu D. D. Phiri, long'ambika chikuto. Tinawatsegula onse pambali pa kompyuta. Buku la m'kalasi limandandalika zifukwa mwadongosolo, chakuti, chakuti, chakuti, basi nkhani yatha. Pa intaneti anapeza kuti akatswiri a mbiri amatsutsana mpaka lero: ena amati Chilembwe ankafuna kulanda boma, ena amati ankadziwa kuti afa ndipo ankangofuna kuti dziko lione kuti anthu atopa. Mtsikanayo anakwinya nkhope.

"Ndiye zoona ndi ziti, Madamu? Pa mayeso ndilembe ziti?"

Funso limeneli ndi la mwana wanzeru, ndipo yankho lake lili pawiri. Pa mayeso a MANEB lemba zimene zili m'silabasi ndi m'buku lovomerezeka, chifukwa wochonga ali ndi mayankho ake patsogolo ndipo Wikipedia sidziwa silabasi ya MSCE. Imakupatsa zambiri pomwe mayeso akufuna zochepa, ndipo pena imadumpha zimene mayeso akufuna. Koma dziwa kuti kuseri kwa mfundo zoloweza pamtimazo kuli anthu amene anakumba m'makalata akale n'kusiyana maganizo. Mwana amene wazindikira zimenezi ali Fomu 3 sadzadabwa akadzafika ku koleji. Asanachoke anaonanso chithunzi cha chiboliboli cha Chilembwe chimene Samson Kambalu anaumba, chimene chinaikidwa pa Trafalgar Square ku London mu Seputembala 2022, Chilembwe atavala chipewa pambali pa mzungu, zimene m'masiku amenewo munthu wakuda sankaloledwa. Nkhope ya pa K2,000 ija anali asanaione itaima chonchi. Anaitana anzake awiri kuti adzaone, theka la ola la mnyamata uja n'kupsa.

Kuchokera pamenepo, mwana aliyense watsopano ndimamuyambitsira kumunsi kwa tsamba. Ngati kumunsiko kuli mabuku ambiri, magazini a akatswiri, malipoti a boma, kwera ukawerenge. Ngati kuli timalinki tiwiri ta mawebusayiti osadziwika, kapena mulibe kanthu, werenga ndi diso limodzi. Ngati pakati pa nkhani waona mawu akuti "citation needed", ndiye kuti wina anakayika kale chiganizocho ndipo palibe amene wabweretsa umboni. Chimenecho usalembe.

Chachiwiri chimene ndimawaonetsa ndi pamene palembedwa kuti "View history". Ana ambiri amadziwa kuti aliyense atha kusintha Wikipedia, chifukwa ndi chimene aphunzitsi amawaopseza nacho. Chimene sadziwa n'chakuti kusintha kulikonse kumalembedwa: tsiku, nthawi, amene wasintha, mawu amene wachotsa ndi amene waika, kuyambira tsiku limene tsambalo linabadwa. Palinso mbali ya "Talk" kumene olemba amakanganirana, nthawi zina mpaka kutukwanizana, pa chiganizo chimodzi. Masamba okhala ndi kachizindikiro ka loko pamwamba ndi amene anthu ankawaononga kawirikawiri mpaka anawatseka kuti asamasinthidwe ndi aliyense. Mnyamata wina wa Fomu 2 anafuna kundigwira bodza. Analowa pa tsamba la timu ina ya mpira ya ku England imene amadana nayo n'kulembapo zachipongwe, nathamanga kukaitana anzake panja. Pobwera anapeza mawu ake atafufutidwa kale, ndi uthenga womuchenjeza. Pali mapulogalamu a kompyuta ndi anthu ongodzipereka amene amalondera masamba otchuka usana ndi usiku. Anzakewo anamuseka mpaka kunyumba. Koma ndinawauza kuti asatengeke: tsamba la timu yotchuka lili ndi alonda mazanamazana, pomwe tsamba la phiri lina la kuno kwathu mwina amalitsegula anthu awiri pa mwezi. Bodza likalowa pamenepo limagona zaka.

Anthu amakonda kufunsa kuti yodalirika kwambiri ndi iti. Mu Disembala 2005 magazini ya sayansi yotchedwa Nature inasankha mitu 42 ya sayansi, n'kupereka kwa akatswiri nkhani za mu Wikipedia ndi za mu Britannica osawauza kuti iyi yachokera kuti. Anapeza zolakwika 162 mu Wikipedia ndi 123 mu Britannica. A Britannica anatsutsa mwamphamvu kachitidwe ka kafukufukuyo, ndipo papita zaka zambiri chichitikireni. Ine chimene ndimatolapo n'chakuti nayonso ya zilembo zagolide ija inapezeka ndi zolakwa. Ana athu akula ndi maganizo akuti chilichonse chosindikizidwa n'choona, ndipo ife aphunzitsi ndi amene tinawadzala maganizo amenewo.

Nkhani imene ana amaikonda kwambiri ndi ya makina owotchera buledi. Mu 2012 ophunzira ena a pa yunivesite ku England, atamva mphunzitsi wawo akuwachenjeza za Wikipedia, analemba mwanthabwala kuti amene anatulukira makinawo mu 1893 ndi munthu wa ku Scotland dzina lake Alan MacMasters. Dzinalo linali la mnzawo wa m'kalasi. Kenaka anamulembera tsamba lonse, n'kuikapo chithunzi chochita kukonza kuti chioneke chakalekale. Atolankhani anakopera, olemba mabuku anakopera, sukulu ina ya pulayimale ku Scotland inafika pochita tsiku lomukumbukira. Choopsa chake n'chakuti nyuzipepala zimene zinakopera bodzalo zinadzasanduka umboni kumunsi kwa tsamba lomwelo. Timanambala tinalipo ndithu, koma tinkaloza kwa anthu amene anatenga nkhaniyo pa tsamba limene tinkaikira umboni. Bodzali linakhala zaka khumi. Amene analitulukira mu 2022 sanali pulofesa, anali mnyamata wa zaka 15 amene anayang'anitsitsa chithunzicho n'kuona kuti sichikumveka bwino. Ndikafika pamenepa ana amawongoka pa benchi, chifukwa ameneyo ndi msinkhu wawo.

Ndiye kuona kuti kanambala kalipo sikokwanira. Ona chaka cha umboniwo. Ngati nkhani ikunena za 1893 koma umboni wake wonse ndi nyuzipepala za 2015, funsa kuti anthu a pakati apa anali kuti osalembapo.

Chopinga chachikulu kwa ana athu ndi Chingerezi. Tsamba la Wikipedia lonena za photosynthesis kapena za magetsi linalembedwa ndi anthu amene amaiwala kuti kunja kuno kuli ana a Fomu 1. Ndime yoyamba yokha ili ndi mawu khumi amene mwana sanawaonepo. Apa m'pamene Simple English Wikipedia imathandiza. Ndi Wikipedia ina yapadera, ya ziganizo zazifupi ndi mawu osavuta, yokhala ndi nkhani zoposa 200,000. Ambiri saidziwa chifukwa Google siiika pamwamba. Ine ndinaiika kuti izikhala yoyamba kutseguka pa makompyuta onse atatu. Mwana ayambe pamenepo, amve mutu wa nkhani, kenaka apite ku yaikulu ija ali ndi pogwira. Ndipo zithunzi musazipeputse. William Kamkwamba, amene dzina lake limatchulidwa paliponse pamene Amalawi akukamba za laibulale, Chingerezi cha m'buku la sayansi limene anabwereka ku Wimbe chinkamuvuta. Ankatsata zithunzi ndi zilembo zolozera mbali za makina mpaka anamanga makina ake a mphepo.

M'zaka zaposachedwapa kwabwera mpikisano wina: mapulogalamu a kompyuta oyankha okha mafunso. ChatGPT inatuluka mu Novembala 2022, ndipo mu Epulo 2024 Meta AI inalowa mu WhatsApp m'mayiko angapo kuphatikizapo Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Bandulo ya WhatsApp ndi imene mwana angaikwanitse ndi ndalama ya mandasi, pomwe ya intaneti yonse imafuna kupempha kwa makolo. Ndiye ambiri masiku ano safikanso n'komwe pa insaikulopediya. Amalemba funso la aphunzitsi momwe lilili, yankho limabwera losalala, la ndime zitatu, lokonzeka kukopera. Pena limakhala lolondola, sindikana. Koma lilibe kumunsi. Palibe mbiri ya amene anasintha, palibe pokanganirana, ndipo ukafunsanso mawa likhoza kubwera losiyana. Mnyamata wina wa Fomu 4 anabwera ndi mndandanda wa mabuku onena za ulimi wa mbatata ya kachewere umene pulogalamu ina yotere inamupatsa, mayina a olemba ndi zaka zonse zili ndondondo. Tinasaka pa intaneti madzulo onse. Ena mwa mabukuwo kulibe, sanalembedwepo. Aphunzitsi amene akulimbanabe ndi Wikipedia akutchinga khomo limene ana anasiya kale kudutsapo. Ine masiku ano ndimachita kuwakokera ku Wikipedia, chifukwa kumeneko bodza limasiya mapazi.

Za bandulo ndi netiweki tinazipezera njira. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa Kiwix, imene inayamba mu 2007, yowerengera Wikipedia popanda intaneti. Umadawuniloda fayilo imodzi yaikulu, n'kuiika pa kompyuta kapena pa memori khadi ya foni, basi. Ya Chingerezi yonse ndi zithunzi zake imafika cha m'ma 100 GB, yopanda zithunzi ndi yocheperapo, ndipo palinso mafayilo ang'onoang'ono a phunziro limodzi, monga masamu, Chemistry kapena zachipatala. Mwana wa mlongo wanga amene amagwira ntchito ku Lilongwe ndi amene anatikoperera pa hadi diraivi. Masamba amatseguka nthawi yomweyo, osadikira kabwalo kozungulira kaja. Kuipa kwake n'kwakuti "View history" mulibe, malinki a kumunsi satseguka popanda intaneti, ndipo fayiloyo imaima pa tsiku limene inapangidwa. Ana a Geography atafuna za namondwe wa Freddy, amene anapha anthu oposa 1,000 m'chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, fayilo imene tinali nayo nthawi imeneyo inali isanamve n'komwe za iye. Panopa tinamata kapepala pamwamba pa kompyuta iliyonse kosonyeza mwezi ndi chaka cha fayilo, ndipo mwana amalemba zimenezo pansi pa manotsi ake.

Kumene insaikulopediya zonsezi zimafooka kwambiri ndi pa zinthu zathu. Funsa za mtsinje wa Thames, upeza masamba osatha. Funsa za Linthipe, upeza mizere yowerengeka. Za nyanja ya Malawi ndi nsomba zake za mbuna zilipo zambiri chifukwa azungu a sayansi anazikonda. Za mfumu ya m'dera lathu, za mmene msika wathu unayambira, za magule a kuno kupatula gule wamkulu, n'zosowa. Si kuti wina anatikaniza. Wikipedia ili ndi lamulo lakuti chilichonse chikhale ndi umboni wosindikizidwa, ndipo zambiri zathu zili m'mitu ya agogo, sizinalowe m'buku. Komanso olemba ake ambiri ali ku Ulaya ndi ku Amereka, ndipo munthu amalemba chimene akuchidziwa.

Wikipedia ya Chichewa iliko, koma nkhani zake zangopitirira 1,000 pang'ono, ndipo zambiri ndi za mizere iwiri itatu. Ya Chitumbuka inaiposa kutali, ili ndi zoposa 10,000, ndipo ya Chiswahili ili ndi zoposa 70,000. Ana akaiona amaseka kaye, kenaka wina amati, "Madamu, bwanji tizilemba ifeyo?" Ndimasangalala ndi mtima umenewo, koma ndimawafotokozera kaye zimene zinachitikira chilankhulo cha Scots cha ku Scotland. Mu Ogasiti 2020 kunadziwika kuti nkhani zoposa 20,000 za pa Wikipedia ya chilankhulocho analemba mnyamata mmodzi wa ku Amereka amene sankachilankhula. Anayamba ali ndi zaka 12, ndi mtima wofuna kuthandiza, akumatenga nkhani za Chingerezi n'kumasintha mawu amodziamodzi pogwiritsa ntchito dikishonale. Kwa zaka zambiri palibe anazindikira chifukwa eni chilankhulo sankawerengako. Chiopsezo chomwecho chili pa Chichewa, makamaka lero pamene munthu angathe kuponya nkhani yonse m'makina omasulira n'kuimata osaiwerenga. Nkhani 50 zolembedwa ndi anthu olankhula Chichewa tsiku ndi tsiku n'zaphindu kuposa 5,000 za Chichewa chimene mwini wake sangachimve.

Ndiye tinayamba ndi nkhani imodzi yokha, ya zojambula za m'mapanga a Chongoni, poti ndi pakhomo pathu ndipo ena mwa anawa amatola nkhuni kufupi ndi kumeneko. Tikulemba m'kope kaye, Loweruka m'mawa, gulu la ana asanu ndi mmodzi. Lamulo ndi lomwe lija: chiganizo chilichonse chikhale ndi kanambala kake. Kuti malowa UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, umboni ulipo pa webusayiti ya bungwelo. Kuti mapanga ndi matanthwe ojambulidwa alipo 127, ulipo. Kuti zojambula zofiira n'za Akafula ndipo zoyera n'za Achewa, zokhudza chinamwali ndi nyau, ulipo. Kufika apa ana anagwira ntchito mwachangu, ndipo ndinaona kuti mwana amene wavutikapo kusaka umboni wa chiganizo chake sakoperanso chiganizo cha mnzake mwachisawawa.

Tinakakamira pa mtsikana wina amene agogo ake aakazi ndi namkungwi. Anabwera ndi tanthauzo la chimodzi mwa zojambula zoyerazo, limene silili pa UNESCO kapena m'buku lililonse limene tili nalo. Anyamata anati tilembe, izi ndiye zenizeni, azungu sakuzidziwa. Mtsikana wina anati kanambala kake tiloza kuti, kwa agogo? Mkangano unatenga m'mawa wonse. Sabata yotsatira mwini nkhaniyo anabwera n'kunena kuti agogowo atamva kuti zikupita pa kompyuta anakalipa, akuti za kutsimba sauza anyamata, ndiye dziko lonse lizimva bwanji. Chiganizocho tinachifufuta. Tatsala ndi ndime ya mmene munthu angafikire kumapangako kuchokera pa msewu wa M1, ndipo pamenepo ana agawikananso, poti mtunda umene mabuku a alendo amanena ukusiyana ndi umene iwo amayenda ndi miyendo yawo.